Kodi ndikakasuma achimwene anga ndalakwira Mulungu?

Alangizi,

Ndine mayi wopemphera, ndipo m'banja mwathu tinabadwa atatu. Bambo athu anamwalira chaka chatha osasiya wilo, amayi anali atatsogola kale. Chuma chomwe anasiya ndi nyumba ndi munda, ndipo achimwene anga, omwe ndi oyamba kubadwa komanso mkulu wa mpingo, atenga zonse. Nyumbayo akuchititsa lendi, munda akusakira wogula. Ine akuti ndili pabanja, andisamale amuna anga. Koma mng'ono wathu naye anamwalira, anasiya ana awiri omwe ndikulera ine, ndipo za anawa achimwene sakutchulako n'komwe.

Ndinayamba kulankhula nawo patokha, kenako ndinapita ndi mboni, monga Mateyu 18 amanenera. Atakana, ndinakatula nkhaniyi kwa abusa. Abusa anandiwerengera Luka 12, pomwe munthu wina anapempha Yesu kuti auze m'bale wake agawane naye chuma, Yesu n'kukana kukhala wogawa, nachenjeza za umbombo. Anawonjezera 1 Akorinto 6:7, pomwe Paulo akuti kuli bwino kulola kulakwiridwa kusiyana ndi kutengerana kubwalo la milandu, komanso 1 Petro 1:4 pa za cholowa chosavunda chosungidwa kumwamba. Malangizo awo anali akuti ndizisiye m'manja mwa Mulungu.

Mawu amenewa ndimawakhulupirira ndi mtima wonse, ndipo gawo langa ndikhoza kulisiyadi. Koma gawo la ana amasiyewa si langa ayi. Ndili ndi mphamvu yanji yokhululukira chinthu cha eni ake? Ichi ndicho chikundisowetsa tulo.

Baibulo lomwelo, pa Numeri 27, likunena za ana aakazi asanu a Zelofehadi omwe anakaima pamaso pa Mose n'kupempha cholowa cha bambo awo. Mulungu sanawatche adyera. Anati akunena zoona, ndipo linakhala lamulo mu Israeli. Ndikudziwa kuti iwo analibe mlongo pomwe ine ndili naye, sindikubisa zimenezo. Komabe ngakhale pa Deuteronomo 21:17, mwana woyamba kubadwa ankalandira magawo awiri, osati chuma chonse. Yakobo 1:27 akutinso chipembedzo choyera ndi kusamalira ana amasiye ndi akazi amasiye. Zimandiwawa kuti mavesi onse a kuleza mtima anawerengera ine, koma achimwene sanawaitane n'komwe kuti amve za umbombo uja, pomwe chenjezolo Yesu analipereka kwa khamu lonse.

Amuna anga akuti tipite kukhoti munda usanagulitsidwe, poti ukangopita kuubweza kudzavuta. Ine ndikuopa kuchititsa manyazi dzina la Khristu, ndikuopanso kuti ubale wathu uthera pomwepo. Achimwenewa anandilipirira sukulu bambo atadwala, ndipo ndimawakondabe.

Ndithandizeni, Alangizi. Kodi mawu a Paulo aja akumangabe munthu pamene mpingo wakana kuweruza nkhaniyo? Kodi ndingasume pofuna gawo la ana okhawo, langa n'kulisiya, ndi kukhalabe wokhulupirika pamaso pa Mulungu? Nanga pamene nkhaniyi ili chonchi, ndingadye nawo bwanji mgonero wa Ambuye achimwene angawo ali ogawa mkate?

Ine wovutika mumtima,
Mayi wolera ana amasiye