Kalata yochokera ku Pretoria

Amayi okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana onse kumudziko. Ine chifuwa chija chinatha. Talandira Lachisanu, ndipo ndatumiza kale mametikali 6,000 pa foni ya achemwali. Imeneyi ndi ya feteleza wa mbatata kudimba, isakhudzidwe pa china chilichonse.

Ndamva kuti alamu akulengeza pamsika wa Ulongwe kuti ndikudya ndalama poyendayenda ngati mzungu, chifukwa cha chithunzi ndinaika pa WhatsApp chija. Amayi, pamalo paja salipiritsa ngakhale randi imodzi. Ndi bwalo la pakati pa tawuni, amalitcha Church Square, ndipo ndinayenda wapansi Lamulungu titatuluka m'tchalitchi. Wachipewa chachitali amene waima kumbuyo kwangayo ndi chifanizo cha Paul Kruger, mtsogoleri wa Mabunu. M'munsi mwake mwakhala amuna anayi achitsulo ogwira mfuti, nkhunda zikungotera pamitu pawo. Kruger ameneyu pothawa Angerezi mu 1900 anadzera kwathu ku Mozambique, anakakwera sitima ya pamadzi ku Lourenço Marques, Maputo wa leroyu. Chinyumba chachikulu chikuonekacho ndi khoti la Palace of Justice, m'mene Mandela anamugamula kukhala m'ndende moyo wake wonse mu 1964. Pamakwerero ake ndinakhalapo nthawi yaitali, ndikulakalaka mukadakhala pambali panga kuti muone ndi maso anu.

Koma alamu amene akuwerenga ndalama zangawo ayambe afotokoza za malata. Ndinatumiza ya malata 12 mwezi wa Ogasiti, ndipo mwana wa achemwali wandiuza kuti nyumba yanu ikadali ya udzu pamene njinga yawo yamoto yavala matayala atsopano. Mvula ikayamba mugona pati? Ine kuno ndimanyamula matumba a simenti mpaka msana kuwawa, tikugona anthu angapo m'kachipinda kamodzi, kuti inu musanyowe.

Muwaitane amalume akhale nawo pansi sabata ino. Nambala yachinsinsi ya pa foni achemwali aisinthe lero, ndipo asauze aliyense, ngakhale amuna awo. Mbuzi yabere ija musagulitse. Mukagula feteleza, mnyamatayo ajambule matumbawo pamodzi ndi lisiti anditumizire, apo ayi mwezi wamawa ndalama idzera kwa amalume.

Ndasowa nsima ya mgaiwa ndi chisoso chanu. Mundiperekere moni kwa agogo.

Ndine mwana wanu.