Laser sichotsa mafinya kumuzu wa dzino

Akonzi,

Tikupempha malo kuti tiunikire Amalawi anzathu kuno ku Johannesburg za makina a laser omwe zipatala zina za mano zimalipiritsa padera munthu akachitidwa opaleshoni ya muzu wa dzino. Ena akaunikidwa ndi makinawa amaganiza kuti mankhwala safunikanso, ndipo apa m'pamene pagona vuto.

Opaleshoniyi imachitika dzino likapitiriza kusunga mafinya ngakhale linatsukidwa kale m'kati. Dokotala amang'amba nkhama, n'kuboola fupa pang'ono, n'kudula nsonga ya muzu pafupifupi mamilimita 3. Pamene wadulapo amamata ndi mankhwala onga simenti, kenaka amasoka. Ululu umakula tsiku loyamba, koma kutupa kumafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Tsaya kufufuma masiku amenewa si chizindikiro choti opaleshoni yalakwika.

Laser ya ntchito imeneyi ndi yofooka, sidula ndipo siotcha. Kuwala kwake kumalowa m'mnofu n'kuthandiza maselo kupanga mphamvu zodzikonzera. Amaunika pabala kwa mphindi zochepa, wodwala ndi dokotala atavala magalasi oteteza maso. Kwa ena imachepetsako ululu masiku oyamba, koma pa kutupa zotsatira zake n'zosiyanasiyana. Ngati muzu sunamatidwe bwino, kapena uli ndi mng'alu, mafinya adzabwerera ngakhale muunikidwe kakhumi.

Zomwe zimathandiza kwambiri n'zotchipa. Tsiku loyamba kulungani ayezi m'kansalu, muike patsaya mphindi 20, mupumitse mphindi 20. Munthu wamkulu angathe kumwa ibuprofen wa 400 mg maola 8 aliwonse atadya, koma asamwe ngati ali ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso kapena pathupi. Grand-Pa, mankhwala a mutu amene timangowagula m'timagolosale ta spaza, muli aspirin, ndipo aspirin amachedwetsa magazi kuundana pabala, musiyeni kaye. Kuchukucha madzi ofunda a mchere, theka la supuni yaing'ono m'kapu, kuyambe pakatha maola 24. Fodya amachedwetsa bala kupola, ndipo ganyu yonyamula zolemera mawa lake imadzutsa magazi.

Kutupa kukamakulabe tsiku lachinayi, thupi likatentha, kapena mukamavutika kumeza, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo. Musanalipire za laser, funsani ngati mtengowo ukuphatikizapo kuchotsa ulusi, ndipo fufuzani ngati dokotalayo ali m'kaundula wa HPCSA, bungwe loyang'anira ogwira ntchito zachipatala ku South Africa.

Ogwira ntchito za mano,
Johannesburg