Lipoti la nthumwi zathu ku msonkhano wa alaliki ndi omva maitanidwe

Kwa abusa, akulu ampingo, atumiki ndi amayi a chigwirizano,

Ife atatu amene sesheni (bwalo la abusa ndi akulu a mpingo uno) inatituma ku msonkhano wa presibitale (bwalo la mipingo ya dera lathu) tabwerako bwino. Msonkhanowu unali wa alaliki otumidwa kumidzi yakutali ndi achinyamata ofuna kukaphunzira ubusa, ndipo unayamba Lachisanu madzulo n'kutha Lamulungu masana. Mutu wake unali kudalira chitetezo cha Mulungu ndi nthawi yake pa utumiki.

Phunziro lalikulu linachokera pa Machitidwe 23. Pa vesi 11 Ambuye akumutsimikizira Paulo usiku kuti adzachitira umboni ku Roma. Kutangocha, anthu oposa 40 analumbira kuti sadya kapena kumwa mpaka atamupha. Amene anamva chiwembucho ndi mwana wa mlongo wake. Paulo, ngakhale anali ndi lonjezo m'manja, anaitana msilikali n'kupempha kuti mnyamatayo akamuonetse kwa mkulu wa asilikali. Usiku womwewo anamutulutsa mu Yerusalemu ndi asilikali oyenda pansi 200, apakavalo 70 ndi amikondo 200. Kenako anakhala m'ndende ku Kaisareya zaka ziwiri, ndipo ku Romako anakafika ali wandende, chombo chitasweka panjira. Mphunzitsi anatiwerengetsa ndimezi kawiri kuti tione tokha kuti lonjezo linakwaniritsidwa kudzera mwa mnyamata wa makutu akuthwa, kalata ya boma ndi zaka za kudikira.

Panabuka mtsutso pamene mlaliki wina anati kunyamula mankhwala ndi neti pa ulendo wa uthenga n'kuchepa chikhulupiriro, natchula Salimo 91. Anamuyankha ndi Mateyu 4, pomwe Satana anagwiritsa ntchito salimo lomwelo pouza Yesu kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa kachisi, Yesu n'kukana kumuyesa Mulungu. Anatikumbutsanso kuti Ezara anachita manyazi kupempha asilikali kwa mfumu ndipo anasala kudya pamtsinje wa Ahava, pamene Nehemiya analandira makalata ndi asilikali omuperekeza. Onse awiri anafika. Koma Ezara yemweyo anayeza siliva ndi golide pasikelo asananyamuke, n'kuyezanso atafika. Ife nthumwi tikuona kuti yankho limeneli linali loyenera, ngakhale mbaleyo sanakhutire kwenikweni.

Loweruka m'mawa tinalowa m'zinthu za tsiku ndi tsiku, ndipo apa m'pamene alaliki akale analankhula kwambiri. Anagwirizana kuti mlaliki asamatumidwe yekha kudera lachilendo. Azipita awiriawiri monga pa Marko 6:7. Akafika, phazi loyamba likhale kwa amfumu, kalata ya sesheni yodindidwa ili m'manja, asanaimbe ng'oma kapena kuyatsa chimkuzamawu. Madera angapo anatsekeka chifukwa cha ichi chokha: alendo anayamba chitsitsimutso pabwalo la mudzi osaonekera kwa eni ake, ndipo mpingo umene unabwera pambuyo ukupepesabe mpaka lero. Safunsa anadya phula.

Za thanzi anazifotokoza mkulu wampingo wina amene amagwira ntchito ya zaumoyo. Neti ipachikidwe usiku woyamba womwewo, ngakhale mukugona m'kalasi kapena m'tchalitchi. Thupi likatentha, kayezetseni magazi tsiku lomwelo. Akakupezani ndi malungo n'kukupatsani mankhwala a LA, munthu wamkulu amamwa mapiritsi 4 kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, onse pamodzi 24, ndipo amwe atadya. Cholakwika chofala n'chakuti mlaliki akamva bwino tsiku lachiwiri amasiya, otsalawo n'kusungira ulendo wina, malungo n'kubwereranso mwamphamvu. Madzi akumwa athiridwe WaterGuard, kachivindikiro kamodzi mu ndowa ya malita 20, ndipo mudikire mphindi 30. Ambiri m'chipindamo anali akukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, choncho panalibe wotsutsa. M'dzinja, mtsinje ukadzaza n'kumathamanga, osawoloka. Tumizani uthenga kuti mapemphero atsogolere mkulu wa komweko. Pa njinga pasasowe pampu, zigamba, guluu ndi sipanala, ndipo kunyumba adziwe njira imene mwadzera ndi tsiku lobwerera.

Gawo la kudikira linakhudza achinyamata kwambiri. Amene akumva maitanidwe ayambe ndi abusa ake, kenako sesheni imuone akutumikira: Sande sukulu, kalasi ya ophunzira za ubatizo, maliro, kuyendera odwala. Sesheni ikakhutira imalemba kalata ku presibitale, ndipo dzina limakwera ku sinodi kumene kuli mayeso ndi mafunso. Malo kusukulu ya ubusa ndi ochepa, ndiye kusiyidwa chaka choyamba si chizindikiro chakuti Mulungu wakana. Langizo linali lomveka: osasiya ntchito, osagulitsa munda kapena mbuzi kalata yokuitanani isanafike. Amene MSCE yake ndi yofooka abwereze pamene akudikira. Wapabanja akambirane ndi mkazi kapena mwamuna wake mpaka amvane za chakudya cha ana, fizi ndi amene adzalime mundawo. Paulo yemwe ankasoka mahema ku Korinto uku akulalikira.

Anatikumbutsa mbiri ya kwathu kuno. Mishoni ya Livingstonia inafika ku Cape Maclear mu 1875, ndipo munthu woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881, manda a amishonale atayamba kale kundandalikana pamalopo. Chipatso anachidikira modekha, koma pamalo opha anthuwo anasamuka, kupita ku Bandawe. Mbiri yomweyo ilinso ndi mbali yowawa. Charles Domingo, mmodzi wa ophunzira achikuda a mishoniyi, anamaliza maphunziro a ubusa koma amishonale anamudikiritsa osamudzoza mpaka anachoka, ndipo abusa oyamba achikuda a Livingstonia anadzozedwa mu 1914. Kuchedwa kumeneko kunali ndi dzanja la anthu.

Mfundo imeneyi inatigwira mtima chifukwa ikutikhudza ifenso. Achinyamata angapo anadandaula kuti makalata awo amagona m'kabati ya sesheni miyezi yambiri, akafunsa n'kumauzidwa kuti dikirani nthawi ya Mulungu. Kuona maso a nkhono n'kudekha ndithu, koma mawu oyerawa asakhale chophimbira ulesi wathu. Msonkhano unagamula kuti wopempha aziyankhidwa polemba sesheni ikangokhala kawiri, kaya yankho ndi inde, ayi kapena dikirani, ndipo likakhala dikirani, auzidwe chimene chikusowa ndi mkulu amene aziyenda naye.

Tikupempha sesheni ikubwerayi kuti isankhe akulu awiri oyang'anira achinyamata atatu a mpingo uno amene anapereka kale makalata awo, ndiponso kuti alembi abweretse makalatawo patebulo. Tikupemphanso kuti thumba la ulaliki ligule maneti, WaterGuard ndi zida za njinga za alaliki athu awiri mvula isanayambe, chifukwa mlatho wa kunthambi yathu ya kutsidya sunakonzedwebe. Ndalama za ulendo zomwe zatsala tapereka kwa asungichuma pamodzi ndi malisiti.

Ife anu mwa Ambuye,
Nthumwi za mpingo