Ndalama za mapulani zikakwera, omanga nyumba zazing'ono athawa khonsolo

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa maganizo a makhonsolo a m'mizinda ofuna kukweza ndalama zimene munthu amalipira kuti pulani ya nyumba yake iunikidwe ndi kupatsidwa chilolezo chomangira. Ndine mmisiri womanga nyumba, ndipo ambiri amene ndimawamangira ndi aphunzitsi, anamwino ndi amayi a geni, anthu omanga pang'onopang'ono malinga ndi mmene ndalama yapezekera.

Chifukwa chimene makhonsolo akufunira kukweza ndikuchimva. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mafuta a galimoto yoyendera mapuloti anakwera, ndipo Lamulo la Maboma Aang'ono la 1998 limalola khonsolo kutolera ndalama zake. Koma kwacha yomweyo inamugwetsanso womanga. Simenti, malata, zitsulo, ngakhale lole ya mchenga, zonse zinakwera pamodzi.

Taonani mmene mayi wa geni amamangira. Chaka chino aumbitsa njerwa n'kuotcha. Chaka chamawa akumba maziko. Khoma likafika pamawindo limaima dzinja lonse, udzu n'kumera m'kati, iye akudikira ndalama ya banki mkhonde. Munthu ameneyu mukamuuza kuti alipire wojambula pulani, asindikize makope angapo, kenako apereke ndalama yokwera ku khonsolo, amawerengera m'matumba a simenti. Akapeza kuti chidindo chikudya matumba okwanira kumaliza chipinda, amasankha chipinda. Amamanga wopanda pulani, ndipo khonsolo sipeza ngakhale tambala.

Apa ndiye pamene pamandiwawa. Pulani imaunikidwa kuti wina wodziwa anene kuti pano ndi pa njira ya madzi, apa padzadutsa msewu, chimbudzi ichi chayandikira chitsime. Lamulo la kakonzedwe ka malo la 2016, limene linalowa m'malo mwa lija la 1988, cholinga chake n'chimenechi. Tonse tinaona zimene namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023, matope ndi miyala zitatsika phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Ku Lilongwe mtsinje wa Lingadzi unasefukira mu 2017 n'kuononga nyumba ku Mtandire. Anthu okhala m'malo ngati amenewa ndi omwe akufunika kwambiri langizo la akatswiri a khonsolo, koma ndi omwenso mtengo wokwera uyambe kuwatsekera kunja.

Ndiyeno funso lina, kodi tikulipirira chiyani? Ndaperekezapo makasitomala ku khonsolo ina, yomwe sinditchula. Risiti imatuluka tsiku lomwelo, koma pulani imagona miyezi. Ukapita akuuza kuti komiti sinakumane. Woyendera sabwera pokumba maziko, pomwe kulakwitsa kumakonzeka mosavuta. Amatulukira nyumba itafoleredwa, atanyamula penti wofiira wolemba pakhoma kuti ntchito iime. Ndipo kuchedwa kotereku ndi kumene kumabala ziphuphu, chifukwa munthu amene simenti yake ikuuma m'nyumba amayamba kufunsa kuti aone ndani.

Ngati kukweza kuli kosapeweka, makhonsolo asiyanitse. Womanga shopu zosanja, malo omwetsera mafuta kapena nyumba zambiri zalendi alipire zambiri, poti pulani yake imafunadi ainjiniya ndi nthawi. Nyumba yogona ya zipinda ziwiri kapena zitatu ikhale pa mtengo wotsika, wololedwa kulipira pang'onopang'ono. Khonsolo ikhozanso kukhala ndi mapulani angapo ovomerezeka kale a nyumba zazing'ono, munthu n'kungosankha, woyendera n'kubwera kudzaona puloti. Ntchito younika ingachepe, ndipo anthu ambiri angalowe m'kaundula, zomwe zingaonjezere olipira msonkho wa nyumba chaka ndi chaka.

Ndikupempha makhansala athu kuti asavomereze mitengo yatsopano isanakambidwe m'mawodi. Mitengoyo imatidwe pabwalo la ofesi ndi kulengezedwa pa wailesi, ndipo pambali pake palembedwe masiku amene pulani iyenera kukhala itayankhidwa komanso nthawi zimene woyendera adzafika pa ntchito.

Mmisiri womanga nyumba