Chilonda cha pamwendo sichipola ndi kutsuka kokha

A Mkonzi,

Ndiloleni ndifotokoze za mayi anga aang'ono, amene agulitsa usipa pamsika kwa zaka zambiri, ali chiimire kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Iwo anavutika kupitirira chaka ndi chilonda chomwe chinabuka pamwamba pang'ono pa kakolo, mbali ya mkati. Achibale ena ankati anaponda mankhwala, ndipo pachilondapo panathiridwa jivi ndi ufa wa makapisozi, koma chinkangokula, chikutuluka madzi onyowetsa nsalu iliyonse imene ankamangapo.

Amene anatitsegula maso ndi dokotala wina amene anayamba wayang'ana mwendo wonse asanagwire chilondacho. Anatisonyeza kuti khungu lozungulira linali lada ndi kuuma gwa, kuti mwendo unkatupa madzulo n'kuphwa m'mawa, ndiponso kuti mitsempha inali itatukumuka kuseri kwa bondo. Anati gwero la vutoli si khungu ayi, koma mitsempha yobweza magazi kumtima. M'mitsempha imeneyi muli tizitseko timene timaletsa magazi kubwerera pansi, ndipo minofu ya katumba ndiyo imawakankhira m'mwamba munthu akamayenda. Tizitsekoti tikafooka, kaya chifukwa cha ukalamba, kunenepa kwambiri, kubereka kangapo, kuima nthawi yaitali kapena magazi amene anaundanapo mumtsempha, magazi amadikha m'munsi mwa mwendo, khungu limafooka, moti ngakhale kukandika pang'ono ndi dengu kumasanduka chilonda chosapola.

Chimene ndikufuna owerenga amvetse ndi chakuti mankhwala enieni a chilonda chotere ndi bandeji yothina, yomangidwa mwaluso kuchokera kutsinde la zala mpaka m'munsi mwa bondo, yothina kwambiri pakakolo n'kumachepa mphamvu pokwera. Koma bandejiyi siyenera kumangidwa mwachisawawa. Choyamba achipatala amayeza kuthamanga kwa magazi pakakolo ndi pamkono pogwiritsa ntchito kamakina ka Doppler, kenaka amagawa nambala ya pakakolo ndi ya pamkono. Yankho likatsika pansi pa 0.8, ndiye kuti mitsempha yobweretsa magazi kuphazi ndi yopanikizika, ndipo kumanga mothina kungathe kuwononga phazi lonse. Amayezanso shuga, poti zilonda za shuga, za matenda a magazi otchedwa sickle cell ndi za khansa ya pakhungu zimafuna chithandizo china, ndipo chilonda chimene chakana kupola kapena chatukuka m'mbali amachidulako kachidutswa kuti akachiunike.

Mayi aang'onowo anamangidwa bandeji mlungu ndi mlungu, anauzidwa kuti aziyenda m'malo mongoima, ndiponso kuti akamapuma azitsamiritsa mwendo pamitsamiro kuti phazi likhale pamwamba kuposa chiuno. Sanapatsidwenso maantibayotiki, chifukwa amenewa amafunika pokhapokha mwendo ukatentha, ululu ukakula, kapena thupi likayamba kutentha. Kunena zoona, masiku oyamba ankadandaula kuti bandejiyo ikuwasowetsa mtendere m'nyengo yotentha, ndipo ine ndemwe ndinatsala pang'ono kuwamasula. Patatha miyezi inayi chilonda chinatsekeka.

Kumaiko ena amapita patsogolo potseka mtsempha wowonongekawo. Kafukufuku wa EVRA wa ku Britain, wofalitsidwa mu 2018, anapeza kuti kuchita zimenezi msanga, pamodzi ndi bandeji, kumafulumizitsa kupola. Ife sitinafike poyembekezera zotere m'chipatala chilichonse, koma ndikupempha Unduna wa Zaumoyo kuti kamakina ka Doppler ka m'manja, mabandeji oyenera ndi anamwino ophunzitsidwa kuwamanga azipezeka m'zipatala za m'maboma. Ndikupemphanso kuti masokosi othina azipezeka pamtengo wofikirika, popeza chilonda chamtunduwu chimakonda kubwerera ngati wochirayo sawavala. Mayi anga aang'ono ali ndi peyala imodzi yokha, imene amachapa usiku kuti iume pofika m'mawa, ndipo masiku ano amapita kumsika atanyamula kampando.

Ine wowerenga wanu,
wa ku Zomba