Mavoti a Hall of Fame amulakwira Ben Zobrist

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule pa tsamba lanu la zamasewera. Pa chisankho cha 2025 cha Hall of Fame ya baseball ku America, yomwe ndi nyumba yolemekezera akatswiri akale a masewerawa, Ben Zobrist sanapeze ngakhale mavoti 5 pa 100 aliwonse, omwe amafunika kuti dzina likhalebe pa mndandanda wa ovoteredwa chaka chotsatira. Atolankhani ovotawo anamuchotsa ulendo woyamba womwewo, ndipo zandiwawa.

Zobrist analowa ligi yaikulu mu 2006 ku Tampa Bay, timu ya Houston Astros itamusinthanitsa ndi Aubrey Huff. Anabwera ngati shortstop (amodzi mwa malo omwe osewera amaima pogwira mipira yomenyedwa ndi timu inayo), koma mphunzitsi Joe Maddon anaona kuti mnyamatayu akhoza kuima paliponse. Lero pa second base, mawa chakumapeto kwa bwalo kudzanja lamanja, mkuja abwerere pa shortstop. Pomenya mpira ankamenya mbali zonse ziwiri, malinga ndi dzanja la woponya. Tangoganizani phindu lake: timu imasewera magemu 162 pa nyengo imodzi, osewera amavulala, ena amatopa, ndiye pali munthu mmodzi wotseka mpata uliwonse popanda timu kufooka. Mu 2009 anamenya ma home run 27 (kumenya mpira mwamphamvu mpaka kuzungulira malo onse n'kupeza chigoli) akuyendayenda chomwechi.

Vuto n'lakuti ovota amayerekeza wosewera ndi anzake a malo amodzi. Nanga wopanda malo okhazikika mumuyerekeza ndi ndani? Ngakhale mphoto ya Gold Glove (ya odziwa kugwira mipira) ya osewera oterewa inayamba mu 2022, iye atasewera komaliza mu 2019. Akanakakamira malo amodzi, mwina mbiri yake ikanawala kwambiri pa pepala, koma timu zake zikanataya zambiri.

Zikho nazo zilipo. Mu 2015 anatenga World Series, chikho cha akatswiri a ligi yaikulu, ndi Kansas City Royals. Chaka chotsatira ali ku Chicago Cubs, pa gemu yachisanu ndi chiwiri yolimbana ndi Cleveland, mu inning (chigawo cha gemu) ya 10 zigoli zili 6-6, ndi iye anamenya mpira umene unaika Cubs patsogolo. Anapambana 8-7, chikho chomwe timuyi inachidikira kuyambira 1908, ndipo Zobrist anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa mpikisanowo.

Kuti akanalowa mu Hall of Fame kapena ayi, anthu angatsutsane. Koma dzina lake linayenera kukhalabe pa mndandanda zaka zingapo kuti mkanganowo uchitike. Ndikupempha makomiti a Hall of Fame omwe amaunikanso osewera akale kuti nthawi yake ikadzakwana adzaione bwino nkhani yake.

Wokonda baseball