Kalata kwa mwana wanga amene akufuna ntchito ya lifeguard

Chilenje, Lusaka

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi mkazi wako. Ife kuno tili bwino, kungoti kutentha kwa Okutobala kwatifooketsa. Mlongo wako wandiuza kuti hotelo ina ikufuna munthu woyang'anira osambira pa dziwe lake, ndipo iwe ukufuna kukayesa mwayi chifukwa kusambira unakudziwa uli wamng'ono. Maganizowo sindikuwatsutsa, koma pa zaka zimene ndinagwira ntchito m'mahotelo ndinaona anyamata ambiri odziwa kusambira atavala malaya ofiira, wezulo ili m'khosi, pamene odziwa ntchitoyo anali ochepa kwambiri. Kusambira kungakulowetse m'kalasi, koma chimene adzakulipirire ndicho maso ako ndi zimene manja ako angachite munthu akasiya kupuma.

Ndiyambe ndi za thupi, chifukwa ndizo amayamba kuyesa. Bungwe la Royal Life Saving Society, limene linayambika ku London mu 1891, limafuna kuti wolowa maphunziro a pa dziwe ku Britain akhale wa zaka 16 kapena kuposerapo, asambire mamita 50 m'masekondi osapitirira 60, asambire mamita 100 chafufumimba ndi chagada osapumira, ayandame pamadzi akuya kwa masekondi 30, atsike mpaka pansi pa dziwe, ndiponso atuluke m'madzi osagwiritsa ntchito makwerero. A Red Cross a ku America amaonjezera kuyandama kwa mphindi ziwiri ndi miyendo yokha, ndi kutola njerwa yolemera makilogalamu anayi ndi theka pansi pa madzi n'kusambira nayo chagada uli kuigwira ndi manja onse awiri. Amene adzakuphunzitse kuno akhoza kukhala ndi miyeso yawoyawo, koma ukakwanitsa izi sudzachita manyazi kulikonse. Uzipita ku dziwe la pa malo a masewera a OYDC, m'mbali mwa Great North Road, pamodzi ndi mnzako wokuwerengera nthawi pa wotchi, chifukwa munthu akamasambira yekha amadziona ngati wothamanga kwambiri. Uphunzirenso kusambira mutu uli pamwamba, pakuti wopulumutsa sachotsa maso pa munthu amene akumulondola.

Chovuta kwenikweni ndicho kuyang'ana. Anthu ambiri amaganiza kuti womira amakuwa ndi kukweza manja, koma kawirikawiri sizikhala choncho. Munthu amene akumira amakhala chiimire m'madzi, mutu utapendekera kumbuyo, pakamwa pakumira ndi kuvuuka, manja akupanikiza madzi m'mbali mwake ngati akufuna kukwera chinthu chosaoneka. Mpweya wochepa umene wapeza amaugwiritsa ntchito popuma, wokuwira alibe, ndipo angalimbane motero kwa masekondi 20 mpaka 60 basi asanalowe pansi. Mwana akhoza kumira amake ali chapafupi akujambula zithunzi pa foni, akuganiza kuti akusewera. N'chifukwa chake aphunzitsi ambiri amaphunzitsa lamulo lotchedwa 10:20, lakuti uziyendetsa maso pa gawo lako lonse m'masekondi 10, ndipo uzikhala pamalo oti ungafike paliponse m'gawomo m'masekondi 20. Uziyang'ana pamwamba pa madzi, pansi pa dziwe, m'makona, ndi pafupi ndi mpando wako penipenipo, pamene maso amakonda kudumpha. Dzuwa likamanyezimira pamadzi usunthe mpando. Maso amatopa, n'chifukwa chake m'malo oyendetsedwa bwino amasinthana mipando pakatha mphindi 20 kapena 30. Foni izikhala m'chikwama, ndipo anzako akabwera kudzacheza uwauze kuti akudikire uweruke.

Pa za kupulumutsa, adzakuphunzitsa kuti kulowa m'madzi ndi njira yomalizira. Ngati ndodo yaitali ikumufika munthuyo, mupatse ndodoyo. Ngati ali patali, muponyere choyandama chomangidwa chingwe. Ukalowa m'madzi, uzikhala ndi choyandama pakati pa iwe ndi iyeyo, chifukwa munthu wogwidwa ndi mantha a imfa amakhala ndi mphamvu zodabwitsa, ndipo akakugwira m'khosi mudzamira nonse awiri. Njira zodzimasulira akakugwira uzibwereze mpaka thupi lizolowere. Usamalenso kwambiri phunziro la munthu amene wadumphira chamutu pamalo osaya, popeza ameneyo akhoza kukhala atavulala khosi kapena fupa la msana, ndipo kumutulutsa mothamanga ndi momukoka manja kungamupundule moyo wake wonse.

Phunziro la chithandizo choyamba ndi CPR, njira yotsitsimutsa munthu amene wasiya kupuma pomudinikiza pachifuwa ndi kumuuzira mpweya, usalitenge ngati loonjezera. Ubongo ukasowa mpweya umayamba kuwonongeka pakapita mphindi zinayi mpaka zisanu ndi imodzi, ndipo iwe ukudziwa mmene magalimoto amathinanira pa Great East Road madzulo. Ambulansi isanafike, moyo wa munthuyo udzakhala m'manja mwako. Mtima wa womira umaima chifukwa chosowa mpweya, choncho mabungwe a ku Ulaya amaphunzitsa kuyamba ndi kumuuzira mpweya m'kamwa kasanu, kenaka kudinikiza pakati pa chifuwa maulendo 30 n'kuuzira kawiri, ndi kupitiriza motero pa liwiro la maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, chifuwa cha munthu wamkulu chikulowa masentimita asanu kapena asanu ndi limodzi. Kwa khanda kachitidwe kake n'kosiyana, ndipo uyenera kukaphunzira pa chidole pamaso pa mphunzitsi. Zimene amachita anthu kumudzi zomuzondotsa munthu kapena kumupsinja pamimba kuti asanze madzi zimangotaya nthawi. Munthu akatsitsimuka, ngakhale anene kuti ali bwino, apitebe kuchipatala, chifukwa mapapo amene alowa madzi akhoza kuyamba kuvuta patapita maola. A Zambia Red Cross Society ndi a St John amaphunzitsa chithandizo choyamba mu Lusaka muno, ndipo ndikufuna uyambire kumeneko.

Pali zina zimene buku lochokera kunja silingakuuze mokwanira. Magetsi akamazimazima, monga zinalili mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, pampu ya dziwe imaima ndipo madzi amayamba kuchita mbuu. Ngati sukuona pansi pa dziwe, ndiye kuti sungaonenso mwana amene wagona pansipo, choncho dziwelo litsekedwe ngakhale alendo atalipira. Mvula ikayamba mu Novembala, ukangomva bingu utulutse anthu onse m'madzi. Loweruka masana kumabwera magulu a anthu amene alawa mowa, ndipo ena mwa iwo ndi aakulu kuposa iwe pa msinkhu ndi pa chuma. Uphunzire kukana mwaulemu koma osabwerera m'mbuyo. Abwana akakutuma kukanyamula mipando kapena kuperekera zakumwa anthu ali m'madzi, uwafotokozere kuti ntchito ziwirizo sizingachitike pa nthawi imodzi, ndipo ndi bwino kugwirizana zimenezi pa tsiku lolembedwa ntchito, osadikira kuti mukangane pamaso pa alendo.

Za satifiketi usapupulume. Safunsa anadya phula. Usanapereke ndalama, ufunse kuti ndi bungwe liti limene limavomereza maphunzirowo, atenga maola angati, angati mwa maolawo mudzakhala m'madzi, ndipo adzakuyeseni ndani. Maphunziro a ku Britain ndatchula aja amatenga maola osachepera 36 ndipo satifiketi yake imatha mphamvu pakapita zaka ziwiri, choncho wokulonjeza pepala pa tsiku limodzi umukayikire. Udziwenso kuti satifiketi ya pa dziwe ndi ya pa dziwe basi. Wina akadzakuitanira ntchito ku Siavonga kapena m'mbali mwa mtsinje wa Kafue, kumene kuli mafunde, madzi oyenda, ng'ona ndi mvuu, pamafunika maphunziro ena ndi kudziwa kugwiritsa ntchito bwato.

Ine ndi amako tagwirizana kuti tikulipirira maphunziro a chithandizo choyamba, ndipo za maphunziro a m'madzi tidzagawana ukabweretsa pepala losonyeza mtengo wake ndi dzina la bungwe lake. Upitenso kuchipatala akakuyeze maso ndi makutu usanalembetse, chifukwa ngati ukufunika magalasi ndi bwino udziwiretu. Ubwere Lamlungu tikachoka kutchalitchi kuti tikambirane za masiku ake. Upereke moni kwa apongozi athu.

Ndine,
Atate ako